Mano Atsopano a Eulogio

Mlamu wanga Eulogio anakazulitsa mano akutsogolo mu Januwale, ndipo tonse m'gulu tinadziwa kuti zinthu zavuta, kupatula mwini wake. Dokotala anamuikira ena oyera mbee, okongola kuposa amene Mulungu anam'patsa. Akamwetulira ankaoneka ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta. Koma lipenga lilibe nazo ntchito zomwetulira. Limafuna mlomo wotsamira pa mano olimba, ndiye ake aja akangoti auzire mwamphamvu ankasuntha, mawu n'kutuluka ngati a mbuzi yokoledwa pakhosi.

Ine ndine Obdulia. Ndimaimba ng'oma yaing'ono m'gulu la malipenga ndi ng'oma la kwathu ku Alcudilla, ndipo ndinayamba kale, nthawi imene mkazi womangirira ng'oma m'chiuno ankamuyesa wopenga. Eulogio anakwatira malemu mkulu wanga Piedad, choncho ndimam'dziwa bwino munthuyu, kunyada kwake ndi ubwino wake womwe. Iyeyo ndiye anali woimba payekha wa gulu lathu. Pa Sabata Loyera tikamayenda pambuyo pa fano la Yesu wosenza mtanda, tikafika pakona ya bekale, ng'oma zinkatsika mawu, malipenga ena onse n'kukhala chete, ndiye Eulogio ankaloza lipenga lake kumwamba n'kulira nalo yekha. Amayi pamakhonde ankapukuta misozi, ndipo ngakhale amuna osapita kutchalitchi ankavula zipewa. Kwathu mwana akamalira kwambiri amamuuza kuti, "Iwe, ukufuna kulanda ntchito ya a Eulogio?"

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya mtima. Chaka chilichonse m'nyengo ya Lenti magulu onse a chigawo chathu amakumana m'bwalo la masewera olimbana ndi nkhunzi za ng'ombe la ku Fuentesauce kukapikisana, ndipo mendulo ya woimba payekha anali asanaitengepo. Wachiwiri, wachitatu, wachiwirinso, mpaka tsitsi kuyera. Woweruza ndi mmodzi yemweyo kuyambira kale, a Saturnino. Amawatsekera m'kanyumba kamatabwa kolapiramo machimo kamene ansembe anasiya kukagwiritsa ntchito, makatani atakhomedwa ndi misomali, kenako m'pamene magulu amachita maere. Iwo saona kanthu, amangomva, ndipo chigamulo chawo amachipereka potchula manambala basi. Eulogio ankawatcha Gonthi wa m'Bokosi. Akangomva kuti walepheranso ankanyamula lipenga lake n'kutuluka m'bwalomo osacheuka, ife n'kumam'tsatira ngati anapiye, ndipo m'basi monse ankatitopetsa nazo: "Munthu ameneyo makutu anawasiya kwa amake! Bulu atalira bwino angamupatse mendulo!"

Tinkakonzekera m'nyumba yosungiramo maolivi ya kopaletivi, mozizira moti zala zinkauma. Loweruka lina masana tinafika pa chigawo cha Eulogio. Anakweza lipenga monga mwa nthawi zonse, anayamba bwino ndithu, koma atati akweze mawu kufika pamwamba penipeni, linangoti fwee! Wina kumbuyo anatsokomola pobisa kuseka. Anabwereza, zomwezo. Kachitatu mano aja anachita kutsetsereka, iye n'kuwawakha ndi dzanja.

"Ndi kuzizira," anatero. "Chitsulochi chazizira."

Mtsogoleri wathu Cipriano, wa ku positi ofesi, ndi munthu wabwino koma wamantha koopsa. Anangoti, "Eya, eya, lero kwazizira," n'kuwauza anthu kuti azipita. Tinatsala anthu anayi: Cipriano, ine, Eulogio ndi Araceli.

Araceli amagulitsa mankhwala ku famase. Ndi mayi wa ana awiri, wamfupi moti akaima pakauntala umangoona mutu ndi mapewa. Lipenga anam'phunzitsa ndi Eulogio yemweyo akali kamtsikana, ndipo kuyambira pamenepo anakhala ali mumzere wachitatu, osadandaula, osapempha kanthu.

Ine pakamwa panga sipasunga mawu. "Alamu, kuzizira kwa chiyani? Chaka chatha tinaimba matalala akugwa, lipenga lanu silinati fwee. Mano awo akukanani. Nenani zoona kuti tione chochita."

"Iwe Obdulia, womenya chikopa cha mbuzi angandiphunzitse ine za lipenga?"

"Chikopa changacho sichinanditsetserekepo m'kamwa."

Ndinadziwa kuti ndalasa pachilonda. Anakhala pa bokosi la maolivi, lipenga lili pamiyendo, n'kumalipukuta ndi mkono wa jekete pomwe linali lowala kale. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Piedad anapita. Ntchito ndinapuma. M'mawa ndikamapita kukamwa khofi anthu amandipatsa moni chifukwa cha ichi." Anagwedeza lipengalo. "Mukandichotsa kutsogolo tauni yonse ikuona, nditsala nkhalamba ya mano apulasitiki basi. Ndiloleni chaka chino chokha, kenako ndidzanena ndekha kuti ndapuma. Koma asandione ndikugwa, chonde."

Cipriano ankayang'ana kudenga ngati kukudontha.

Kenako Araceli anati, "Aphunzitsi, msana wanu ndi waukulu."

"Ndiye?"

"Ine ndine wamfupi. Inu muime kutsogolo, mukweze lipenga monga mumachitira. Ine ndiime kumbuyo kwanu kwenikweni, ndiimbe ndine. M'bwalo la nkhunzi mawu amazungulira, palibe angadziwe kumene akuchokera. A Saturnino nawo ali m'bokosi, saona."

Ndinamva mutu kutentha. "Mayo ine! Araceli, wapenga? Zaka zonsezi uli kumbuyo, lero lafika tsiku loti anthu akumve, iwe ukufuna ukabisale kumsana kwa munthu?"

"Sindikufuna kuonedwa, amayi. Ndikungofuna ndiiimbe kamodzi pagulu nyimboyi. Ndatopa kuiimbira m'bafa ana akapita kusukulu."

Cipriano nkhope inawala ngati wamasulidwa chingwe. "Lamulo limangoti woimba akhale wa gulu lomwelo," anatero. "Silinena kuti aime pati."

Eulogio anagwedeza mutu kuvomera, osayang'ana aliyense. Ine ndinatukwana pang'ono, ndinamenyetsa chitseko potuluka, koma Loweruka lotsatira ndinabwera. Ndikanapita kuti? Gulu ndi lomweli.

Abale inu, simunaonepo chinthu choseketsa ndi chomvetsa chisoni ngati nkhalamba ikuphunzira kunamizira chinthu chimene yachichita moyo wake wonse. Ankafufumitsa masaya, mitsempha ya pakhosi n'kutuluka, nkhope psuu, koma m'lipengamo osauziramo kanthu. Poyamba ankasiyana, iye akutsitsa lipenga Araceli akadali pamwamba, mpaka anaphunzira kupuma limodzi. Ndipo Araceli ankaimba, ha! Tonse tinadabwa kuti munthu wotere takhala naye mumzere wachitatu. Mawu ake anali oyera, osagwedera, okwera mosavutikira. Eulogio ankamumva kumsana kwake, ndipo akamaliza ankatembenuka n'kunena mokalipa kuti, "Pamenepo usathamange, ukuthawa ndani?" Koma maso ake ankanena zina. Anthu onse a m'gulu analumbira kuti sauza munthu, ndipo anasungadi chinsinsi, chinthu chimene ku Alcudilla n'chozizwitsa choyenera kukauza abishopu.

Tsiku la mpikisano linali Lamulungu ladzuwa. Theka la tauni linatitsatira, ena pabasi, ena pamagalimoto awo, atanyamula buledi wa nyama yankhumba ndi vinyo wa m'matumba achikopa. A Saturnino anawatsekera kale ife tisanalowe. Pa maere tinatola nambala yachinayi mwa magulu asanu ndi limodzi. Kabelu kanalira m'bokosi muja, gulu loyamba n'kulowa.

Ine ndikamamvera anzathu ndilibe chifundo, ndimavomera. Gulu loyamba ng'oma zake zinkathamanga kusiya malipenga m'mbuyo ngati zikukagwira basi yomaliza. Lachiwiri linali la mumzinda, zipewa za nthenga, nsapato zowala, ndipo silinalakwitse ngakhale pamodzi, koma likamaliza sunkakumbuka kuti laimba chiyani. Lachitatu linali ndi woimba payekha wa mapapo a ng'ombe, wokwera pamwamba n'kukhala pomwepo kuti anthu aombe m'manja. Anaombadi. Eulogio anandinong'oneza kuti, "Akuitana nkhumba uyu," ndipo kwa kanthawi anakhalanso Eulogio wakale.

Kenako kabelu kanalirira ife. Tinalowa pamchenga wa m'bwalomo, tinaima mozungulira mothinana monga tinakonzera, Araceli ali phee kumbuyo kwa jekete la mlamu wanga. Tinafika pa chigawo cha Eulogio chija, ndinatsitsa ng'oma, anzanga n'kutsitsanso, Eulogio n'kuloza lipenga kumwamba.

Sindinama, ngakhale ine wodziwa zonse ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Nyimbo inatuluka ngati ikuchokera m'chitsulo chake chomwe, inakwera, inazungulira bwalo lonse, n'kutsika mofatsa. Anthu a kwathu anaimirira nyimbo isanathe. Mayi wina anakuwa kuti, "Eulogio, Mulungu akusunge! Ukamakula m'pamene ukukoma!" Eulogio anatsitsa lipenga, anawerama pang'ono, thukuta lili kamukamu ngati waimbadi.

Magulu awiri otsala anadutsa, ine osawamvetsera n'komwe. Ndinkangoti zatha, tapulumuka, tikhale achiwiri monga mwa masiku onse tizipita kwathu. Woulutsa mawu anapita pakawindo ka bokosi paja, anamva chigamulo, n'kubwerera pa chimkuzamawu. Pa magulu, a mumzinda aja ndiwo anatenga chikho, ife tinali achitatu. Palibe anadabwa.

"Ndipo mendulo ya woimba payekha chaka chino yapita ku gulu nambala yachinayi!"

Bwalo linaphulika. Anthu a ku Alcudilla analumpha mpanda ngati nkhunzi yawathamangitsa, anam'nyamula Eulogio m'mwamba, zipewa zikuuluka. Iye anali atangoti kakasi, dzanja limodzi lili pakamwa kugwira mano aja. Ndinayang'ana Araceli, anali ataphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Tinali titaganizira zonse, kupatula chinthu chimodzi, kupambana. Anthu ozolowera kukhala achiwiri saganiza zimenezo.

"Monga mwa mwambo wathu," anapitiriza woulutsa uja, "wopambana abwere pakati ndi ng'oma imodzi yokha, atibwerezere chigawo chake, kuti woweruza amuone ndi maso!"

Mwambo umenewu unalipo kuyambira kale, koma ife tinkaumvera patali tili kunja, tikukwera basi pambuyo pa Eulogio wokwiya. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife anaukumbukira. Cipriano anangokhala pansi pamchenga ndi yunifolomu yake yochapa.

Anthu anam'tsitsa Eulogio pakati pa bwalo n'kubwerera m'mipando. Ng'oma imodziyo inali ine. Ndinayenda kukaima pambali pake.

"Alamu," ndinanong'ona, "ndikomoke? Ndikhoza kugwa pompano, ndine wonenepa, asokonezeka onse."

"Khala chete, Obdulia."

"Kapena munene kuti mlomo wang'ambika."

"Ndati khala chete."

Amuna awiri anazula misomali, makatani anatseguka, a Saturnino n'kutuluka. Kanali koyamba kuti ine ndiwaone pafupi. Inali nkhalamba yowonda, yoyenda ndi ndodo, ikuphethira chifukwa cha dzuwa, mendulo ili m'dzanja. Chimene chinandidabwitsa ndi maso awo. Anali ofiira ndi otupa, ndipo m'thumba la malaya munali kampango konyowa. Anayenda pang'onopang'ono kufika pamene tinaima, anthu akuimba dzina la mlamu wanga mosamveka bwino chifukwa cha phokoso.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero, akum'patsa dzanja. "Mwaimba bwino. Dzina lanu ndani?"

"Eulogio wa ku Alcudilla."

Dzanja lawo linaima m'malere. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso kumutu.

"Eulogio? Ndinu a Eulogio inuyo? Muli moyo?"

"Nanga ndikuoneka ngati mzukwa?"

Nkhalamba ija inasiya ndodo kugwa, n'kumugwira mapewa onse awiri. "Ambuye Yesu! Ine ndimayesa mwamwalira. Ndakhala m'bokosimo ndikukudikirani kuyambira m'mawa. Gulu lililonse ng'oma zikatsika ndimati ndi ameneyu, koma ayi. Litalowa lachinayi ndinazizindikira ng'oma za ku Alcudilla, ndinati eya, afika. Ndinadikira kapumidwe kanu kaja, kamene mumapuma musanakwere pamwamba, ngati munthu wofuna kunena mawu ovuta. Sikanabwere. Lipenga linali la wina. Ndinati basi, mkulu uja wapita, ndipo palibe wandiuza. Ndalira m'menemo ngati mwana, moti gulu lachisanu Mulungu andikhululukire, sindinalimve bwino."

Eulogio pakamwa panangoti yasa. Ine ndodo za ng'oma zinatsala pang'ono kundipulumuka.

"Inu... mumandidziwa?"

"Nkhope yanu ndaiona lero. Koma lipenga lanu ndingalidziwe ngakhale pakati pa malipenga a tsiku lachiweruzo."

"Nanga bwanji simunandipatsepo mendulo?" Mawu ake anatuluka ngati a mwana wodandaula kwa bambo ake.

"Mumachedwa pamwamba, a Eulogio. Chaka ndi chaka mumachedwa, ng'oma n'kumakudikirani. Ndikanakupatsani ndikanawabera ena amene salakwitsa. Koma ana anga akhala akundiuza kuti ndisiye ntchitoyi, ndakalamba, m'bokosimo mumatentha. Ine ndimawauza kuti iyayi, ndikufuna ndikamvenso munthu wa ku Alcudilla uja akuchedwa."

Ndinatembenukira kumbali chifukwa misozi inali itanditulukira, ndipo sindikonda kulira anthu akuona. Kumipando anthu a kwathu ankaombabe m'manja mogwirizana, akukuwa kuti, "Eulogio! Eulogio! Bwereza!" Anthu amenewa anakula akumumva chaka chilichonse pakona ya bekale, ena anawaimbira pamaliro a makolo awo, koma palibe ndi mmodzi yemwe anazindikira kuti lipenga silinali lake. Anazindikira ndi Gonthi wa m'Bokosi. Ndinaona mlamu wanga akuwayang'ana anthuwo mzere ndi mzere, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza zomwezo.

A Saturnino anayang'ana lipenga lija, anayang'ana pakamwa pa Eulogio, ndipo anamvetsa zonse popanda wowauza. Anatsitsa mawu.

"Amene waimba leroyu ndi wophunzira wanu, ndamva dzanja lanu mwa iye. Sindifunsa zambiri. Mukafuna, ndiuza anthu kuti ndadwala ndi kutentha, kubwereza kulibe chaka chino. Mutenge menduloyi muzipita, mukakonze nokha kwanu. Palibe adziwe."

"Vomerani, alamu," ndinatero ine, amene ndinkakana bodzali poyamba paja. "Vomerani tizipita!"

Eulogio anawerama, anatola ndodo ya a Saturnino n'kuwapatsa m'manja bwinobwino. Kenako anayenda kupita pa chimkuzamawu, woulutsa uja n'kum'patsa njira akumwetulira, poyesa kuti akukathokoza.

"Anthu a kwathu," anatero, bwalo n'kuti zii. "Ine sindinaimbe lero. Mano anandikana kuyambira mu Januwale. Ndimangofufumitsa masaya. Amene mwamumvayo ndi Araceli wa ku famase, anaima kumsana kwanga. Araceli, bwera kuno."

Wina kumbali ya a mumzinda anaimba likhweru lonyoza, wina n'kuseka. Ine ndinatembenuka n'kukweza ndodo ya ng'oma. "Aseke kachiwiri ameneyo, ndim'peza komweko!" Sanasekenso.

Araceli sanasunthe. Ankangopukusa mutu, misozi ili chuchuchu. Eulogio anachita kupita yekha kukam'gwira dzanja, n'kumukoka kudutsa mchenga wonsewo monga ankam'kokera ali mwana akamakana kuimba pagulu. "Usandichititse manyazi kawiri tsiku limodzi," ndinamumva akumuuza. "Imirira bwino. Pukuta mlomo."

A Saturnino anam'veka mendulo Araceli, ndipo chingwe chake chinali chachitali moti inam'fika pamimba. Pamenepo m'pamene anthu anayamba kuomba m'manja, poyamba mmodzimmodzi, mokayika, kenako ambiri. Ena a kwathu sanaombe. Anakhala manja ali pachifuwa, nkhope zili gwa, ndipo ndinadziwa kuti mawa lake pamalo omwera khofi nkhani ikhala yomweyi, ndipo si onse amene am'patse moni mlamu wanga. Iyenso ankadziwa.

Anabwerera pambali pa nkhalamba ija, lipenga lili m'khwapa. Anaima awiriwo phewa ndi phewa, wonenepa ndi wowonda, onse akuyang'ana kutsogolo.

"Chaka chamawa musadzandidikirenso, mkulu," anatero Eulogio.

A Saturnino anangogwedeza mutu.

"Koma sindinafe ayi. Mumve zimenezo."

"Ndamva, a Eulogio."

Araceli anakweza lipenga n'kundiyang'ana. Ndinapukuta maso ndi mkono wa jekete, ndinakonza lamba wa ng'oma, n'kuyamba kuimba motsitsa, chifukwa bwalo lonse linkadikira ndipo wina ankayenera kuyamba.